Inu amene mukuti "maso anga sakupweteka", tamverani kuno

Ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndiyankhula basi, wokwiya akwiye. Anthu inu mukusewera ndi maso anu. Foni ikangothetheka galasi pang'ono tsiku lomwelo muli kwa okonza, galimoto ikamveka kaphokoso kachilendo simugona tulo, koma maso awiri okhawa amene mulibe ena osinthira, munthu wafika zaka 45, 50 osayezetsapo olo kamodzi. Ukamufunsa akuti "ine ndimaona bwinobwino, sakundipweteka." Mawu amenewo ndi amene anathetsa maso a achimwene anga, nde ndikamawamva mkamwa mwa munthu wamkulu ndithu mtima umandiwawa.

Matenda ake dzina ndi glaucoma. Mkati mwa diso, kutsogoloku, muli timadzi toyera, osati misozi ayi, misozi ndi ya kunja. Timadzi timeneti diso limapanga lokha usana ndi usiku ndipo timatuluka kudzera pa kasefa kakang'ono kwambiri kamene kali pamene gawo lakuda la diso likumana ndi galasi loyera la kutsogolo. Kasefako kakayamba kutsekeka madzi akupangidwabe koma kotulukira kwachepa, presha mkati mwa diso imakwera. Madokotala amati presha yabwino imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyezo wawo. Tsono kumbuyo kwa diso kuli mtsempha umene umatenga zonse zimene mukuona kupita nazo ku ubongo, mkati mwake muli timinyewa toposa 1 miliyoni, ndipo presha ija imapha timinyewa timeneti kamodzikamodzi, pang'onopang'ono, zaka zikupita. Kamene kafa kafa. Palibe jakisoni, palibe opaleshoni, palibe dokotala padziko lino amene angakadzutse. Madzi akatayika saoleka.

Choopsa chake, mtundu umene umagwira anthu ambiri supweteka. Diso silifiira, manthongo palibe, kuyabwa ayi. Imadya ngati chiswe mu mtanda wa denga, kunja mtengo ukuoneka wamphumphu mpaka tsiku limene denga ligwe. Imayambira m'mbali, pakati mukuona bwinobwino, mukuwerenga mauthenga pa foni, mukulowetsa ulusi pa singano, pomwe m'mbalimu dziko likuchepa. Ndipo ubongo umabisa, umakwirira mabowowo, diso linalo nalo limathandizira kubisa, nde simuona mdima ayi, mumangophonya zinthu osadziwa kuti mwaphonya.

Achimwene anga anayamba kumenya phewa pa felemu ya chitseko, mbali yakumanja yokhayokha. Kapu ya madzi ikakhala pambali pa mbale ankaigwetsa pafupifupi tsiku lililonse. Mwana akabwera cha kumbali kudzawapatsa moni ankadzidzimuka nkumukalipira kuti ukundinyang'amira bwanji ngati mphaka. Ife tonse pakhomo timati ukalamba, ena kumati a bambo ayamba kusasamala, ineyo ndinawanenapo kuti achimwene mukuyenda ngati mwaledzera, mawu amenewo mpaka lero amandiluma. Tsiku lina kachitsotso kanalowa m'diso lakumanzere, atalitseka ndi dzanja kuti alitikite anangokhala phee, kenako nkufunsa kuti wazimitsa getsi ndani. Kunali masana dzuwa lili phwee. Diso lakumanja linali litatha kalekale iwo osadziwa. Kuchipatala atawayeza anati lakumanjalo palibenso chochita, lakumanzere latsala kambali kakang'ono pakati ngati munthu akusuzumira mu paipi, tiyesetse kusunga komweko.

Ndipo musasokoneze ndi ng'ala chonde, apa ambiri mukupusitsika. Ng'ala imaoneka, mwanadiso amayera, amakuchita opaleshoni nkuika kagalasi kena, munthu nkuonanso. Nde mumamva anthu akuti "ndidikire ikhwime kaye adzandipale ngati anachitira mayi aja." Kodi wakuuzani ndani kuti yanuyo ndi ng'ala? Mwadziyeza nokha? Mukudikira ng'ala ikhwime pomwe chikukudyani ndi china, pofika kuchipatala mtsempha watha.

Pa matenda onse amene amachititsa khungu losachiritsika, glaucoma ndi nambala wani padziko lonse. Akatswiri anawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 76 miliyoni anali nayo ndipo pofika 2040 adzadutsa 111 miliyoni. Ngakhale kumaiko olemera kumene zipatala zili paliponse, pafupifupi theka la odwala sadziwa kuti ali nayo, kwina kumene madokotala a maso ndi ochepa osadziwawo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Nde musamati za anthu ena izi.

Amene muyenera kuchita mantha kwambiri ndi inu mwadutsa zaka 40. Anthu akuda imatigwira kwambiri kuposa azungu, imatiyamba tikadali achichepere komanso imathamanga, izi madokotala anaziona kalekale. Odwala shuga, ovala magalasi okhuthala a osaona patali, amene munavulalapo diso olo zaka 20 zapitazo ndi mpira kapena mwala kapena chibakera, muli momwemo. Koma china chachikulu ndi mtundu. Ngati mayi anu, bambo anu, mchimwene kapena mchemwali wa bere limodzi ali nayo, chiopsezo chanu ndi chachikulu kangapo kuposa munthu wina. Taganizani bwino, agogo aja anachita khungu atakula aja inu nkumati ukalamba, anayezedwapo? Ukalamba pawokha suchititsa khungu ayi, pamakhala nthenda.

Apa nanenso ndili ndi mlandu ndipo sindibisa. Dokotala uja anandiyang'ana ine amene ndinaperekeza odwala nkunena kuti bambo, inu ndi abale anu onse mubwere tikuyezeni. Ndinavomera ndi mutu, ndinapita patatha zaka ziwiri. Zaka ziwiri zathunthu ndikuti mawa, ndikuti ntchito, ndikuti ine ndikuona. Atandiyeza anapeza presha yakwera m'maso onse ndipo lakumanzere linali litayamba kale kudyeka cha m'mwamba. Chimene chinapita m'zaka ziwirizo ndinachitaya ndekha. Nde ndikamakalipa chonchi musati mkuluyu akulankhula za m'buku.

Kuyezetsa kwake si kuja kongowerenga zilembo pa khoma nkukugulitsani magalasi, munthu wa glaucoma amatha kuwerenga mzere wapansi weniweni maso akutha. Kugula magalasi owerengera nkuvala sikuyezetsa. Pitani kwa dokotala wa maso mukanene mosachita manyazi kuti ndabwera mundiyeze glaucoma. Ayeze presha, amadontheza kamankhwala koti diso lichite dzanzi nkugunditsa kachipangizo pang'ono, malo ena amangopemerera kamphepo, sizipweteka. Ayang'anenso mtsempha kumbuyo kwa diso, ichi nchofunika chifukwa alipo ena presha ili bwinobwino pansi pa 21 koma mtsempha ukutha. Ndipo pali makina ena umayang'ana pakati nkumadina kabatani ukaona kakuwala m'mbali, amenewo ndi amene amaonetsa malo amene afa. Mukapezeka mulibe musati ndathana nazo, kumabwererako pakapita chaka kapena ziwiri monga akuuzireni adokotala.

Tsono ndibwere kwa inu madokotala odzipatsa nokha udindo. Diso likangofiira kapena kuyabwa mwathamanga kukagula mankhwala odontheza popanda wokulemberani, poti anamuthandiza mnzanu. Tawerengani pa botolopo. Mukaona dexamethasone, betamethasone, prednisolone, amenewo ndi ma steroid, amayeretsadi diso msanga nde mumawakonda, koma mukamadontheza masabata ndi miyezi amakweza presha ya diso mwa anthu ambiri ndithu ndipo ana ndiye amawapweteka msanga. Mayi mwana wanu akuyabwa maso inu chaka chonse mukumudontheza zimenezi osamuonetsa kuchipatala, mukumupangira khungu ndi manja anu. Chimodzimodzi mafuta odzola okhala ndi ma steroid amene mukupaka kumaso mpaka m'zikope aja. Ndipo inu ogulitsa pa intaneti amene mukulonjeza kuti botolo lanu limachiza glaucoma, limabweza maso, mulibe chisoni? Munthu akusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha bodza lanu, ndalama mwadya, iye watsala mu mdima. Aliyense wokuuzani kuti abweza mtsempha wakufa ndi wakuba, ndanena.

Anzanga amene anakupezani nayo kale, inunso ndili nanu mawu. Mankhwala odontheza aja si a sabata imodzi ngati a diso lofiira, ndi a moyo wonse ngati a BP. Ntchito yake sikuti muyambe kuona bwino ayi, ndi kutsitsa presha kuti chotsalacho chisathe. Nde wina wadontheza miyezi itatu akuti "sindikuona kusintha, ndasiya." Kusasinthako ndiye kuti akugwira ntchito! Wina botolo latha akhala mwezi osatenga lina, wina amadontheza mawa lake akupita ku sikelo ya maso kuti adokotala asamukalipire, mukunamiza ndani? Presha idzaoneka bwino tsiku limenelo koma mtsempha sunama. Dontho limodzi lakwana, osati kuthira ngati mukuthirira dimba. Kokerani chikope chapansi, donthezani, kamwa ya botolo isakhudze diso, tsinzinani nkupanikiza ndi chala pakona ya diso ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati muli ndi mabotolo awiri dikirani mphindi zisanu pakati pake, apo ayi lachiwirilo likutsuka loyamba. Ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima uzani adokotala asanakupatseni mankhwala odontheza otchedwa timolol chifukwa amatha kubanikitsa komanso kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Ena otchedwa latanoprost ndi a kamodzi usiku, amatha kufiiritsa diso pang'ono ndi kutalikitsa nsidze, zimenezo si chifukwa chosiyira. Mankhwala akakuvutani bwererani akakusinthireni, alipo amitundu ingapo, osasiya mwakachetechete.

Ndipo akakuuzani za leza (chithandizo cha kuwala kwamphamvu kumene amawalitsa m'diso) kapena opaleshoni yotsegula kanjira kena koti madzi azitulukira, musathawe. Ndikudziwa mumati uje anamuchita opaleshoni osaonanso. Kawirikawiri uje ameneyo anafika mochedwa diso litatha kale, opaleshoniyo inali yoti apulumutse kotsalako, siinali yobweza maso. Funsani mafunso onse kwa dokotala wanu, kuopsa kwake akuuzeni, koma kuthawa nkukabisala kunyumba ndi kumene kumamaliza diso. Amene apezeka msanga nkumatsatira chithandizo, ambiri amakalamba akuonabe.

Ulipo mtundu wina wa glaucoma wosiyana, uwu ndiye sudikira. Mwadzidzidzi diso kupweteka koopsa, kufiira, mutu kung'amba, nseru mpaka kusanza, kuona mwachimbuuzi, ukayang'ana getsi kumaona utawaleza mozungulira. Osamwa panado nkugona kuti tiona mawa, thamangani kuchipatala usiku womwewo chifukwa diso limatha m'masiku ochepa. Komanso makanda, mwana wamaso akuluakulu modabwitsa, misozi osaleka, akuthawa kuwala, diso lamtambo, musamangoti koma mwanayu ndi wamaso okongola, kamuonetseni msanga.

Otsala ndi inu achibale. Ndimaona mmene mumachitira, kholo layamba kusaona inu mwalikhazika pakona ngati katundu, mukumayankhula za iye ali pompo ngati makutunso afa. Munthu amene akutaya maso amakhala ndi mantha aakulu, ena amadwala nazo maganizo, achimwene anga munthu wa nthabwala uja anakhala miyezi osafuna kutuluka kuchipinda, chimene chinawadzutsa ndi mdzukulu wawo amene ankabwera madzulo aliwonse kudzawawerengera nkhani ndi kukangana nawo za mpira. Musamasunthe mipando ndi matebulo osamuuza, munthuyo nyumba anaiika pamtima. Zitseko zisamakhale zotseka theka, zidole ndi nsapato zisamakhale panjira, pamasitepe pawale. Mukalowa nenani kuti ndine uje, mukamatuluka tsanzikani asamayankhule yekha. Poyenda naye musamukoke, iye ndiye agwire mkono wanu cha pachigongono inu muli patsogolo pang'ono. Ngati manja akunjenjemera mudonthezeni ndinu, tcherani alamu pa foni, onani botolo lisanathe. Nkhani ya kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto muyankhuleni mwaulemu koma osaibisa, munthu wosaona m'mbali mwana wodumpha msewu samuona. Ndipo zimene angathe kuchita yekha musiyeni achite, musamulande.

Achimwene kambali kakang'ono kaja akadali nako mpaka lero, zaka zapitapo ndithu, chifukwa mlamu wanga sanadumphitsepo usiku olo umodzi, 8 koloko ikakwana botolo lili m'manja. Ndikapita kukawaona amatembenuza mutu wonse kundifunafuna mpaka nkhope yanga ilowe mu kabowo kaja, akandipeza funso loyamba ndi loti kodi ana ako anakayezetsa. Awiri anapita. Wachitatu, wa zaka 41, akuti akutanganidwa. Iwe mwana wanga ndikudziwa uwerenga izi, Lolemba m'mawa ndikubwera kudzakutenga ndekha, ukapemphe chilolezo kuntchito.