Ndili pa ntchito yabwino ku Leeds, koma mtima wanga unachokapo kalekale

Pali dandaulo limodzi limene munthu wokhala kunja saloledwa kulinena, ndipo ndi lakuti ntchito yake ya mu ofesi yamufooketsa mpaka sakuonanso chifukwa chodzukira m'mawa. Mlongo wathu wosamalira okalamba akadandaula za msana ndi ntchito ya usiku, tonse timamumvera chisoni, ndipo n'koyenera kutero. Koma ine amene ndimakhala pa mpando wofewa m'nyumba yosanja ya magalasi pakati pa mzinda wa Leeds ku England, ndikangoyamba kunena kuti zinthu sizili bwino, yankho limandipeza ndisanamalize n'komwe: "Achimwene, muziyamika Mulungu." Kuyamika ndimayamika ndithu, koma sikunaletse kuti Lamlungu lililonse dzuwa likamapendeka chifuwa changa chizilemera poganiza za Lolemba.

Ndinaphunzira zowerengera ndalama ku Polytechnic ku Blantyre, imene lero ikutchedwa MUBAS, ndipo ndisanabwere kuno ndinagwirapo pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi ku Limbe. Malipiro anali ochepa, magetsi ankazimazima, koma ndikamaliza mabuku ndinkadziwa kuti madalaivala alandira ndalama zawo ndiponso kuti galimoto ya feteleza inyamuka kupita ku Mulanje mvula isanagwe. Kuno ntchito yanga ndi kutenga manambala m'kompyuta ina, kuwathira mu Excel, kuwafananiza ndi manambala ochokera m'kompyuta inanso, kupaka utoto wofiira pamene sakugwirizana, kenaka kutumiza lipoti kwa anthu amene sindinawaonepo nkhope. Lipotilo limakambidwa pa msonkhano wa pa Teams umene chigamulo chake nthawi zambiri chimakhala tsiku la msonkhano wina.

Chimene chinandithyola mtima kwenikweni ndi kanthu kakang'ono. Ndinatulukira kuti limodzi mwa malipoti amene ndimachezera nawo kumapeto kwa mwezi uliwonse linkapita ku imelo ya nthambi imene inathetsedwa kalekale pamene kampani inkasintha kayendetsedwe kake, moti kwa nthawi yonseyo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankalitsegula. Nditawauza abwana anga, anamwetulira, anandiyamikira kuti ndili ndi diso lakuthwa, kenaka anandipempha kuti ndipitirize kulilemba chifukwa lili pa mndandanda wa zinthu zimene ofufuza mabuku amafuna kuona kuti zinachitika. Mpaka lero ndimalilemba, ndipo ndimalilemba mosamala, chifukwa ndi mmene ndinaphunzitsidwira. Munthu wa zaka zoposa makumi anayi, amene makolo ake anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire, amatha mlungu wathunthu akukonza chinthu chimene iye ndi abwana ake onse akudziwa kuti palibe adzachiwerenge.

Anzanga a mu ofesi si anthu oipa, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti amandizunza. Ndi aulemu kwambiri, koma ulemu wake ndi wosalowa m'nyumba. Palibe amene ali ndi tebulo lakelake, popeza malo timachita kusungitsa pa foni tsiku ndi tsiku, choncho amene wakhala pambali pako lero mawa sumuonanso. Nthawi ya nkhomaliro aliyense amadya buledi wake maso ali pa kompyuta, makutu atatseka. Mnzathu wina amene anagwira pakampanipo zaka zambiri atachotsedwa, tinalandira imelo ya mizere itatu yomufunira zabwino, ndipo pofika masana dzina lake linali litafufutidwa kale m'kompyuta.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangosiya. Mzungu mnzanga atatopa, anasiyadi, napita kukaphunzira ukalipentala, ndipo tonse tinamuombera m'manja. Ine sindingatero, chifukwa chilolezo changa chokhalira m'dziko muno, chimene amachitcha Skilled Worker, n'chomangiriridwa ku kampani imene inandilemba. Ntchito ikatha, kampani imadziwitsa a Home Office, nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dziko, ndipo kawirikawiri munthu amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze kampani ina yovomera kumuimira, apo ayi alongedze katundu pamodzi ndi mkazi ndi ana amene ali pakati pa sukulu. Kupeza kampani yovomera kutero kukuvutiravutira, makamaka kuyambira mu Epulo 2024 pamene boma linakweza malipiro ochepetsetsa a olowa kumene pa viza imeneyi kuchoka pa £26,200 kufika pa £38,700, n'kudzawakwezanso kufika pa £41,700 mu Julaye 2025. Masiku ano malonda ambiri a ntchito amanena poyera kuti wofuna viza asavutike n'kulembera. Ndili ngati mbuzi yomangidwa pa chingwe: msipu ulipo wokwanira, koma ndimadya mozungulira chikhomo chomwecho.

Chingwecho timachilipiranso tokha. Kupatula msonkho ndi National Insurance zimene amadula pa malipiro ngati wina aliyense, timalipiranso ndalama ya chipatala ya anthu obwera, imene mu Febuluwale 2024 inakwera kuchoka pa £624 kufika pa £1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu mmodzi, ndipo imalipidwa yonse pamodzi pofunsira viza. Pa chilolezo chathu panalembedwanso kuti sitiloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, kutanthauza kuti ntchito ikatha palibe potsamira. Abwana sayenera n'komwe kundiopseza, chifukwa lamulo linandiopsezeratu m'malo mwawo. Akandifunsa pa kuunika kwa chaka ngati ndikusangalala ndi udindo wanga, ndimayankha kuti ndikusangalala kwambiri, ndipo amalemba zomwezo.

Ku mudzi nakonso kulibe kumene ndingatule nkhawa imeneyi. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense akamva malipiro a kuno amawasandutsa makwacha m'mutu, ndipo saganiza za lendi, msonkho wa khonsolo kapena ndalama zotenthetsera nyumba m'nyengo yozizira. Sindikuwadzudzula. Munthu amene wagona pa mzere wa mafuta, amene thumba la feteleza lamukanika, angamve bwanji kuti ine ndikudwala chifukwa cholemba lipoti lopanda owerenga? Kwa iye zimenezo ndi matama. Mayi anga amangoti, "Ntchito ndi ntchito, mwanawe, usaiseweretse," ndipo akatero amanditchulira fizi ya ana a malemu mchemwali wanga. Ndimatumiza pa Mukuru, uthenga wothokoza umabwera, ndipo kwa kanthawi kochepa ndimamva kuti kuvutika kwanga kuli ndi phindu. Koma kukhala munthu amene phindu lake lonse ndi ndalama imene amatumiza n'kowawa mwa mtundu wakenso, chifukwa umayamba kudzifunsa ngati pali amene angaimbe foni mwezi umene sunatumize. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela anavutika koposa ine, anapuma fumbi ndipo ena anabwerako ndi chifuwa chosachira, koma mgwirizano wawo unali ndi tsiku lothera limene ankalidziwa ponyamuka.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi mankhwala amene kampani imapereka. Mwezi wa Meyi ukafika timalandira maimelo okongola onena za thanzi la m'maganizo, amatipatsa pulogalamu ya pa foni yotiphunzitsa kupuma mofatsa, ndipo tsiku lina amabweretsa zipatso ndi makeke. Chaka china, mlungu womwewo wa makekewo, analengeza kuti nthambi ziwiri ziphatikizidwa ndipo ena ntchito iwathera. Uthenga wake ndi wakuti vuto lili mwa iwe, kuti sukudziwa kupuma, osati m'ntchito imene yachotsedwa tanthauzo lonse. Ine kupuma ndimadziwa, ndinaphunzira ndili khanda.

Nyengo yozizira ndi imene inandifikitsa pamapeto. M'mwezi wa Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, moti umapita kuntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima. Ndinayamba kusiya kuyankha mafoni, tulo tinathawa, ndipo ndinkatsika basi n'kuima pakhomo pa ofesi kwa nthawi ndithu miyendo ikukana kulowa. Mayi a kunyumba ndi amene anandikakamiza kupita kwa dokotala, ine ndikukana poganiza kuti mwamuna wa ku Malawi sapita kuchipatala chifukwa cha maganizo. Dokotala anandilembera kalata yopumira, nandilozera ku uphungu waulere wa NHS Talking Therapies, kumene ku England munthu akhoza kudzilembetsa yekha osadzera kwa dokotala. Kudikira kunali kwakutali, ndipo mlangizi sanasinthe lamulo la viza, koma anali munthu woyamba kumva nkhani ya lipoti lija osandiuza kuti ndiyamike. Kwa mbale amene usiku wamukulira ndipo akuganiza zodzivulaza, a Samaritans, bungwe la kuno lomvetsera anthu amene athedwa nzeru, amayankha kwaulere pa 116 123 usana ndi usiku, ndipo safunsa za mapepala.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kuyembekezera kuti kampani indipatse chifukwa chokhalira ndi moyo, ndipo ndimaitenga ngati ganyu. Nthawi yoweruka ikakwana ndimatseka kompyuta ngakhale ena akadali pompo kudzionetsera, ndipo masiku 28 a tchuthi amene lamulo limapereka ndimawatenga onse osasiyako. Loweruka lina pa mwezi ndimasunga mabuku a kagulu kathu ka Amalawi kosonkherana pa maliro, popeza kutumiza thupi kumudzi kumadya mapaundi zikwi zingapo ndipo banja limodzi silingathe lokha. Ndi Excel yomweyo, manambala omwewo, koma pamene bambo wina anatisiya mwadzidzidzi, ndinatha kuuza mayi wamasiye usiku womwewo kuti ndalama zilipo zokwanira kuti amuna awo akatsikire pa Chileka n'kukagona kwawo. Zimenezi sizinachiritse Lolemba, chifukwa maola ambiri a moyo wanga akutherabe pa lipoti lija, koma zinandikumbutsa kuti luso limene ndinaphunzira si limene linafa.

Chimene chinkandilimbitsa kwambiri chinali kuwerengera zaka zisanu, zimene zikakwana munthu amafunsira chilolezo chokhazikika ndipo amamasuka kusiya ntchito monga wina aliyense. Ndiye mu Meyi 2025 boma linatulutsa maganizo akuti zakazo zikhale khumi, ponena kuti kukhazikika kuyenera kukhala chinthu chochigwirira ntchito, ndipo mantha a ife amene tili kale m'njira ndi akuti lamulolo litigwera nafenso. Ndikufuna wina andiuze kuti ndigwirenso chiyani chimene sindinagwire. Msonkho ndapereka, ndalama ya chipatala ndalipira kawiri, sindinalandirepo thandizo la boma, sindinaswepo lamulo, ndipo ndakhala chete pa misonkhano imene ndikanayenera kulankhula. Kubwerera kwathu sindingathe panopa, chifukwa nyumba ya ku Chileka yaima pa mawindo, ana a mchemwali wanga sanalembe mayeso a Fomu 4, ndipo ana anga omwe sadziwa sukulu ina koma ya kuno. Choncho inu amene mumandifunsa pa WhatsApp kuti ndikupezereni mwayi pakampani yathu, ndidzakutumiziranibe malonda a ntchito akatuluka, chifukwa ndikudziwa chimene mukuthawa, koma musadzanene kuti sindinakuuzeni za masiku 60 aja.