Ku China miyala imabwezera, ku Vietnam wamasiye amawiritsa yekha madzi

Vietnam amachita malire ndi China kumpoto, Laos ndi Cambodia kumadzulo, ndipo nthano zimawoloka malire amenewa popanda pasipoti. Koma zikawoloka, mathero amasintha. Taonani ya mwana wamasiye ndi nsomba yake.

Ku China mtsikanayu ndi Ye Xian, ndipo nkhani yake inalembedwa ndi Duan Chengshi m'zaka za m'ma 800, nthawi ya mafumu a Tang. Mayi womupeza anapha nsomba imene iye ankaweta, mafupa a nsombayo anamupatsa zovala zopitira kuchisangalalo, nsapato imodzi inatayika, mfumu inamufunafuna n'kumukwatira. Nanga omuzunza aja? Anaphedwa ndi miyala yochita kuuluka. Ye Xian sanatole mwala ndi umodzi womwe.

Ku Vietnam ndi Tấm ndi mng'ono wake Cám, bambo mmodzi amayi osiyana. Mayinawo ndi a pamtondo: Tấm ndi misere ya mpunga, Cám ndi madeya. Poyamba Tấm ndi wongolira. Akalira pamatulukira Bụt, nkhalamba yachifundo imene dzina lake linachokera kwa Buddha, n'kumufunsa chimene akulirira. Mayi womupeza atasakaniza mpunga wopuntha ndi wosapuntha kuti asankhe m'malo mopita kuchisangalalo, Bụt anatumiza mpheta.

Pamene nthano ya ku China ikuthera paukwati, ya ku Vietnam m'pamene yayamba kutentha. Tấm, ali kale mkazi wa mfumu, anabwera kwawo kudzakumbukira imfa ya bambo ake. Anamutuma kukwera mtengo kukathyola zipatso za nsembe, mayi uja n'kudula mtengowo. Tấm anafa, Cám n'kulowa m'nyumba ya mfumu. Tấm anabwerera ngati kambalame kachikasu, anakapha. Pamene anataya nthenga panamera mitengo, anaidula n'kupangira chowombera nsalu. Chowomberacho chitayamba kuopseza Cám, anachitentha. Paphulusa panamera mtengo wa chipatso chimodzi chonunkhira, chimene gogo wina wogulitsa tiyi anasunga, ndipo m'menemo ndimo munatuluka Tấm. Mfumu inamuzindikira ndi kapindidwe kake ka masamba otafuna a betel. Pa imfa zonsezi Bụt sakuonekanso. Mtsikana uja wasiya kulira.

Ndiye kumapeto Cám akufunsa chinsinsi cha kukongola. Tấm akuti: lowa m'dzenje, usambe madzi owira. Ofotokoza ena sathera pomwepo. Amati Tấm anafutsa mtembowo ndi mchere mumtsuko, monga amachitira ndi nsomba kumeneko, n'kutumiza kwa mayi uja, amene anadya mokoma mpaka anapeza chigaza cha mwana wake pansi pa mtsuko, n'kufa. Mabuku ena a ana anachotsa gawoli, ndipo eni ake a ku Vietnam amakanganabe ngati Tấm ali chitsanzo chabwino.

Ine zamtsukozo zimandinyansa, sindinama. Koma miyala youluka ija imandikayikitsa kwambiri. Imauza wamasiye kuti akhale chete, chilango chidzagwa chokha, pamene tonse tikudziwa ana opeza amene anakula, kukalamba, mwala osagwa.

Cambodia ali ndi njira yachitatu, ndipo ife a "padangokhala" tingaizindikire msanga: kalulu woweruza milandu. Munthu ananyamula ng'ona pangolo kupita nayo kumadzi, ataimanga kuti isagwe. Atafika, ng'ona ikuti wandimanga mopweteka, ndikudya. Kalulu akuti sindingaweruze zimene sindinaone, tabwezani zingwe mmene zinalili. Ng'ona kuvomera, kumangidwanso, mlandu kutha. Palibe mphika wa madzi owira, palibenso kudikira kumwamba. Vuto lake n'lakuti kalulu amafunika azidutsa pomwepo tsiku limenelo, ndipo kunyumba kwa Tấm sanadutseko.