Musanagule chogwirira monita, ikwezeni kaye pa sikelo

Anzanga okonza mavidiyo a maukwati ndi inu ojambula mapulani a nyumba, pali khalidwe lina lomwe tili nalo limene likundinyansa. Munthu amasunga ndalama miyezi isanu ndi umodzi kuti agule monita yaikulu ya kompyuta, koma ikafika nkhani ya pomwe monitayo izikhala amangoti "tiona konko." Ndikunena izi ndili ndi manyazi, chifukwa inenso ndinali m'gulu lomwelo mpaka mwezi wathawu.

Yanga ndi ya mainchesi 43. Ndinagula kwa munthu amene ankasamuka, ndipo inabwera yopanda mwendo wake, akuti unasowa m'katundu. Masabata awiri oyamba inangotsamira khoma, pansi nditayala thaulo ndi mabuku awiri kuti isaterereke. Mwana akangothamanga pabalaza, mtima unkangoti myuu. Ndiye ndinalowa m'tauni kukafuna mkono wachitsulo uja womangirira m'mphepete mwa tebulo. Wogulitsa anandifunsa funso limodzi lokha: "Ndi ya mainchesi angati, bwana?" Nditamuuza, anati, "Uwuwu umanyamula, osadandaula." Pa katoni panalembedwa poonekeratu kuti malire ake ndi makilogalamu 9. Ndinawerenga ndithu, koma kulemera kwa monita yanga sindinkakudziwa, ndipo kunena zoona sindinafune kukudziwa poti mtengo unali utandikomera.

Usiku woyamba zinali bwino, mpaka ndinajambula chithunzi n'kutumizira anzanga pa WhatsApp. M'mawa ndinapeza monita yazolika, yayang'ana pansi ngati mwana amene wagwidwa akunyambita shuga. Ndinamanga bawuti ya pakhosi pake mpaka dzanja kuwawa, patangotha ola yazolikanso. Tsiku lachitatu ndikumwa tiyi ndinangomva kuti tswa! Tebulo lang'aluka pomwe panali chopanira cha mkonowo. Matebulo ambiri amene timagula osalala bwinowa m'kati mwake ndi utuchi womata ndi guluu, ndipo chopanira chikamaluma malo amodzi tsiku ndi tsiku, utuchiwo umangofumbutuka. Mwayi wake ndinali pafupi, ndinaiwakha ndi chifuwa.

Apa m'pamene ndinachita zomwe ndikanayambira. Ndinabwereka sikelo yoyezera anthu kwa aneba, ndinakwera ndekha, kenako ndinakweranso nditakumbatira monita, n'kuchotsera. Makilogalamu 13. Mainchesi amangokuuzani kukula kwa galasi, koma chimene chimathyola zinthu ndi kulemera. Ndiponso makilogalamu 13 ali pamwamba pa tebulo ndi osiyana ndi makilogalamu 13 olendewera kunsonga ya mkono wotalika theka la mita. Amene anatungapo madzi akundimvetsa: ndowa ukainyamula moyandikiza thupi umayenda nayo, koma tambasula dzanja uone ngati ufika pakhomo. Mphamvu yonse ija imathera pa kabawuti ka pakhosi ndi pa kachigawo ka tebulo kosakwana chikhatho. Ma monita opindika aja ndiye amanyanya, chifukwa m'mbali mwake mumabwera kutsogolo ndipo kulemera kumakokera komweko.

Chachiwiri chimene ndinaphunzira mochedwa chili kumbuyo kwa monita. Mabowo anayi a masikuluwu omwe ali kumeneko sanangoikidwa mwachisawawa, ali ndi muyezo wake wotchedwa VESA. Ma monita ambiri a pa ofesi amakhala ndi mabowo otalikirana mamilimita 75 kapena 100 mbali zonse, ndipo amalowa masikuluwu a M4. Zikuluzikulu, makamaka zofanana ndi TV, zimafika pa 200 kapena kuposa, masikuluwu ake n'kukhala a M6 kapena M8. Tengani tepi muyeze nokha kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake. Ndipo musangotola sikuluwu iliyonse m'chitini cha pakhomo, yaitali kwambiri imakalowa mpaka kukakhudza za m'kati.

Mikono yabwino ilipo, sindikukana. Ergotron HX mwachitsanzo inapangidwira ma monita olemera kuyambira makilogalamu 9 mpaka 19. Taonani kuti pali malire a pansinso: mukaikapo kamonita kopepuka, sipuling'i yake imakakankhira m'mwamba. Koma mukawerengera mtengo wake, ndalama yoitanitsira kunja ndi msonkho wa pa malire, mupeza kuti mwagulanso monita ina. Mkonowo ukafika, ukufunabe tebulo la thabwa lenileni, la mlombwa kapena mbawa, lomwe ine ndilibe.

Ena anandiuza kuti ndingokhoma pakhoma ngati TV. Kwa amene muli m'nyumba yanuyanu ya njerwa zootcha zomangira simenti, imeneyo ndi njira yotchipa komanso yolimba, bola mugwiritse mabawuti oyenera ndipo muboole pa njerwa, osati pa mzere wa matope. Ine ndimachita lendi. Eni nyumba anga amawerenga ngakhale misomali ya makalendala, ndipo khoma lake ukaligogoda pulasitala amayoyoka ngati ufa. Komanso ntchito yanga imafuna kusuntha: masana dzuwa limalowa pa windo n'kuwalira pa galasi, ndipo akabwera akwati kudzaona vidiyo yawo ndimafuna tikhale pabalaza, osati kuwalowetsa kuchipinda.

N'chifukwa chake ndikuti, kwa ambiri a ife, yankho ndi kangolo ka matayala kowotcheretsa kwa amisiri athu omwewa. Ndinapita ku Mchesi nditanyamula katoni yomwe ndinadindapo mabowo anayi a monita, ndi pepala lomwe ndinalembapo kulemera kwake ndi msinkhu wa maso anga ndikakhala pampando, poti m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini muyenera kulingana ndi maso kapena kutsikirako pang'ono. Bambo wina wachikulire, magalasi akuda ali pachipumi, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, "Achimwene, mwajambula mutu wokhawokha. Miyendo ili kuti?"

Ndinkafuna kangolo kochepa m'munsi kuti kasadye malo. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anatenga choko n'kujambula pansi pa simenti, kundionetsa kuti miyendo yakutsogolo iyenera kupitirira pomwe pathera galasi, apo ayi tayala likangokhumudwa pa chingwe kapena pa mphako ya simenti, zonse zigwa chafufumimba. Anandifunsanso kukula kwa chitseko cha kuchipinda, chinthu chomwe sindinachiganizireko n'komwe. Ndinachita kuimbira mayi a kunyumba kuti ayeze. Pamapeto tinagwirizana: mzati wa chubu chachitsulo chamakona anayi, mbale yachitsulo yokhuthala yoboola molingana ndi katoni ija, mabowo angapo pa mzati kuti ndizitha kukweza kapena kutsitsa, ndi shelefu m'munsi. Shelefuyo ndi nzeru zawo. Anati ndiikepo kompyuta ndi UPS (batire yothandiza magetsi akathima), zolemera zikhale pansi kuti kangolo kazikhazikika.

Matayala ndinakagula ndekha ku hadiweya, ndipo apa musaumire. Timatayala tapulasitiki ta mipando ya mu ofesi timakakamira pa kamchenga kalikonse. Ndinatenga a labala, okulirapo, awiri okhala ndi mabuleki.

Kali ndi zofooka zake. Sikokongola, utoto wake wakuda unanunkha sabata yathunthu, ndipo pamene anawotcherera pali timabampu tomwe mlamu wanga amati tikuoneka ngati zipsera. Kukweza kapena kutsitsa monita kumafuna anthu awiri ndi sipanala, si zongokankha ndi chala ngati pa mikono yodula ija. Mwana wanga nayenso anaona ngati ndamugulira galimoto, moti lamulo loyamba m'nyumba muno tsopano ndi lakuti mabuleki akhale otseka nthawi zonse. Koma monita ili chilili, yayang'ana kumene ndaiuza, ndipo Loweruka lapitali ndinaikankha ndi dzanja limodzi kupita nayo pabalaza, linalo nditanyamula kapu ya tiyi.

Mkono uja ukadali m'katoni yake pansi pa bedi. Ulibe vuto lililonse, ungofuna monita ya msinkhu wake. Amene muli ndi ya mainchesi 24 kapena 27 ndi tebulo la thabwa lenileni, ndipezeni ku inbox tikambirane. Koma mubwere mutaiyeza kale pa sikelo.