Kalasi yachisanu ku Mzuzu, ku Lundazi ndi ku Kyela: mwana amapunthwa pati?

Mwana wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo akangolowa Sitandade 5, masamu, sayansi, ulimi ndi maphunziro ena onse kupatula Chichewa amayamba kumufikira m'Chingerezi chokhachokha. Kunyumba ambiri amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, ena Chichewa. M'makalasi apansi mphunzitsi ankafotokoza m'chiyankhulo chomwe ana akumva, ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 limati Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Tsopano buku, bolodi ndi mayeso zonse zatembenuka nthawi imodzi. Apa ndi pamene ana ambiri amene ankakhoza bwino amayamba kutsalira, ndipo makolo amangoti mwanayu wayamba ulesi.

Anzake a msinkhu womwewo ku Lundazi ku Zambia ndi ku Kyela ku Tanzania nawonso ali m'kalasi yachisanu, koma maiko awo anakonza ulendowu mosiyana.

Wa ku Lundazi ndiye m'bale weniweni wa mwana wa ku Mzuzu. Kwawo amayankhula Chitumbuka, koma Chitumbuka sichili m'gulu la ziyankhulo 7 zimene Zambia inasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'sukulu: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Pa dongosolo limene linayamba mu 2014, mwana wa chigawo cha kum'mawa ankaphunzira m'Chinyanja kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo Chingerezi chinkatenga malo pa Giredi 5. Chipunthwitso chinali pamalo amodzimodzi ndi kwathu, ndipo nayenso ankachifika atadutsa kale m'chiyankhulo chomwe si cha amayi ake. Kwathu nkhaniyi inachokera mu 1968, pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi.

Tanzania inatenga njira ina kotheratu. M'sukulu zambiri za boma, maphunziro onse a pulayimale amaphunzitsidwa m'Chiswahili, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe pa ndandanda. Mwana wa ku Kyela amene kwawo amayankhula Chinyakyusa, chiyankhulo chapachibale ndi Chinkhonde cha ku Karonga, amavutika chaka choyamba ndi chachiwiri, koma pofika kalasi yachisanu Chiswahili chamulowerera chifukwa amachimva pa msika, pa wailesi ndi kutchalitchi. Mphunzitsi akafunsa chifukwa chake madzi a m'chithaphwi amauma dzuwa likawala, ana amatha kuyankha ndi mawu awoawo, kutsutsana, ngakhale kufunsa funso lina. Izi n'zosiririka, ndipo tisaname kuti kalasi ya Sitandade 6 ya kwathu imafikapo kawirikawiri. Mtengo wake amakalipira ku Fomu 1, kumene maphunziro amatembenukira ku Chingerezi mwadzidzidzi, mwana ali ndi zaka 14, ndipo fizikisi ndi kemisitiri zikumudikira pakhomo. Vuto sanalichotse, analikankhira patsogolo, kumene maphunziro ndi olemera kwambiri. Komabe pali phindu limodzi losatsutsika: mwana amene walekezera pa pulayimale ku Tanzania amachoka atamva zimene anaphunzira, pamene wa kwathu amatha kuchoka ndi makope odzaza manotsi amene sangathe kuwafotokoza.

Tiyeni tilowe m'kalasi momwemo, chifukwa malamulo amaonekera pa mphindi. Piriyodi ya Sitandade 5 kwathu ndi mphindi 35, pamene m'makalasi apamwamba a ku Tanzania ndi mphindi 40. Kusiyana kwa mphindi 5 kukuoneka kochepa mpaka mutawerenga mmene 35 zija zimathera. Mphindi zoyamba zimapita ana akukhazikika ndi kufufuta bolodi. Ngati mabuku ndi ochepa, mphunzitsi amalemba ntchito yonse pa bolodi, ndipo ndime ya mizere 8 imatha kudya mphindi 10 kuti wotsiriza amalize kukopera. Zotsalazo n'zimene agawe pakati pa kufotokoza, chitsanzo ndi ntchito ya ana. Ndiyeno pali kuchonga. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma tiyerekeze kalasi ya ana 90, imene si yachilendo m'tawuni: mphindi imodzi pa kope lililonse ndi ola limodzi ndi theka pa phunziro limodzi lokha. Palibe mphunzitsi angachite zimenezo pa maphunziro onse tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ana amasinthana makope n'kuchongerana, ndipo cholakwika chimene mphunzitsi akanachigwira Lolemba chimakaonekera pa mayeso a kumapeto kwa teremu.

Taonani funso la masamu la mawu. Mwana amadziwa bwino kuti 48 kugawa kwa 6 ndi 8. Mukamupatsa zitsekero za mabotolo amagawa mosachedwa. Koma funso likabwera m'ziganizo zitatu za Chingerezi, amasaka manambala awiri n'kuwaphatikiza, poti kuphatikiza ndiye chizolowezi, yankho n'kukhala 54. Mphunzitsi wothamanga amalemba kuti mwanayu sadziwa kugawa n'kubwereza phunziro la kugawa, pamene chimene chavuta ndi kuwerenga. Njira yodziwira ndi yapafupi: muwerengereni funso lomwelo m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Akakhoza, matenda ali pa chiyankhulo, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Aphunzitsi odziwa ntchito amayendetsa phunziro lotere m'magawo odziwika. Asanayambe amasankha mawu a Chingerezi 5 kapena 6 amene phunzirolo latsamirapo, osati 20, n'kuwalemba pakona pa bolodi pamene sadzafufutidwa sabata yonse. Amafotokoza mfundo kamodzi m'chiyankhulo chomwe ana akumva, zinthu zili m'manja: nyemba, timitengo, chingwe cha mita imodzi, botolo la lita. Kenako amabwereza mfundo yomweyo m'Chingerezi chachifupi, ana n'kuiyankhula awiriawiri asanalembe chilichonse. Kulemba kumabwera pamapeto, mafunso 4 kapena 5 basi, kuti mphunzitsi azungulire mizere n'kuona makope 15 kapena 20 ntchito ili mkati, mawa n'kuyambira mzere wina. Cholakwika chofala ndi kumasulira chiganizo chilichonse. Ana amachenjera msanga: amatseka makutu Chingerezi chikamanenedwa, podziwa kuti Chichewa chikubwera. Cholakwika china ndi yankho la chikhamu. Ana 90 akayankha pamodzi, amene akudziwa ndi 10 akutsogolo, enawo akungotsatira mawu ngati oimba kwaya amene sanaphunzire nyimbo. Ntchito ya m'magulu nayo imawonongeka gulu likapitirira ana 6 kapena 8; mmodzi amalemba, awiri amaonerera, otsalawo amacheza.

Mayeso a boma ndi amene amalamulira tsiku la m'kalasi kuposa silabasi, ndipo pano maiko atatuwa akusiyananso. Kwathu mayeso a MANEB amabwera kamodzi kokha, pa Sitandade 8. Ubwino wake ndi woti mwana amayenera kulemba yekha chimangirizo kapena kalata ndi kuonetsa njira ya masamu, osati kungosankha yankho, choncho mphunzitsi wa Sitandade 7 ndi 8 sangathawe kuphunzitsa kulemba. Kuipa kwake ndi koti sukulu zambiri zimaika aphunzitsi awo amphamvu ku Sitandade 8, ndi makalasi a m'mamawa, a madzulo ndi a paholide, pamene Sitandade 5, kumene kuli mlatho weniweni, imapatsidwa aliyense wotsala. Malo a ku Mzuzu Government kapena ku Marymount ndi ochepa, mpikisano ndi waukulu, ndipo ahedi amayamikiridwa ndi chiwerengero cha osankhidwa. Zonsezi zimakokera maso kumapeto kwa ulendo.

Ku Zambia mayeso a Giredi 7 a bungwe la ECZ akhala kwa zaka zambiri a mafunso osankha yankho, kuphatikizapo mapepala awiri apadera oyesa kuganiza, lina la mawu, lina la zithunzi ndi zojambula. Mapepala awiriwa ndi nzeru yabwino, chifukwa amapereka mpata kwa mwana wanzeru amene sanakhale ndi mabuku okwanira. Koma mayeso osankha okhaokha amaphunzitsa kulota, ndipo kulemba ndime kumafooka. Tanzania ili ndi chinthu chimene ife tilibe: bungwe la NECTA limayesa ana onse pa kalasi yachinayi, asanalowe m'makalasi apamwamba. Sukulu imene ana ake sadziwa kuwerenga imadziwika zaka zikadalipo zoti akonze. Kwathu National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inalimbitsa kuwerenga m'Sitandade 1 mpaka 4, koma palibe mayeso a dziko lonse oima pakhomo la Sitandade 5 kufunsa ngati mwana aliyense wakonzeka.

Anansi athu onse awiri asankha kufupikitsa pulayimale kuchoka pa zaka 7 kufika pa 6, Tanzania ndi ndondomeko yake ya 2023, Zambia ndi silabasi yatsopano imene inayamba kulowa m'makalasi mu 2025. Zaka zathu 8 zimaoneka zochuluka poyerekeza, koma zimatipatsa zaka 4 zathunthu za Chingerezi mwana asanafike ku sekondale. Imeneyi ndi mphatso imene mwana wa ku Kyela alibe. Kungoti chaka choyamba cha zinayizo timachitaya pokopera manotsi.

Pa za pokhala, anzathu anatiposa kulimba mtima. Maiko onse atatu anatsegula zitseko ndi maphunziro aulere, ana n'kusefukira: ife mu 1994, pamene chiwerengero chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, Tanzania mu 2016, Zambia mu 2022. A Magufuli, ali pulezidenti wa Tanzania, analamula kuti madesiki apezeke m'boma lililonse, ndipo Zambia inalemba aphunzitsi oposa 30,000 m'chaka chimodzi n'kukweza thumba la CDF, la chitukuko cha dera la phungu aliyense, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawo, gawo lina n'kupita ku madesiki. Desiki si ulemu chabe. M'makalasi apamwamba mwana amayeza ngodya, amajambula mapu, amakoka mizere ndi rula, ndipo zimenezi sizitheka kope lili pa bondo. Ku Mzuzu kuno, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo Juni ndi Julayi amazizira kufika m'mafupa, simenti ya pansi imachotsa maganizo a mwana pa bolodi belu la buleki lisanalire.

Ntchito za manja anansi athu anazipatsa maziko kalekale: Julius Nyerere analemba za maphunziro odzidalira mu 1967, ndipo sukulu za ku Zambia zakhala ndi minda ndi ziweto zopezera ndalama kuyambira nthawi ya Kenneth Kaunda. Ngozi yake ndi yodziwika kulikonse, ana kusanduka aganyu a sukulu. Ulimi wathu wa Sitandade 5 mpaka 8 uli ndi vuto la mbali inayo, umathera pa bolodi. Bedi limodzi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali pa gulu lililonse ndi lokwanira: ana ayeze okha, awerengere mbande za mpiru zimene zilowe pa mpata wa masentimita 30, alembe kutalika kwa mbewu Lachisanu lililonse, ndipo pomaliza ajambule girafu. Phunziro la masamu, la sayansi ndi ziganizo za Chingerezi za sabata imeneyo zituluke pa bedi lomwelo, mawu atsopano akhale pa chinthu chimene mwana wachigwira ndi manja. Zimenezi sizidikira lamulo lochokera ku Lilongwe kapena buku latsopano la ku Domasi, kumene amakonza silabasi ndi mabuku a sukulu. Ahedi ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, angathe kuziyamba teremu ikubwerayi, limodzi ndi mayeso aafupi a kuwerenga m'sabata yoyamba ya Sitandade 5, ndi kutsitsira mmodzi mwa aphunzitsi amphamvu a Sitandade 8 ku kalasi imeneyi.