Mphoto za nyumba zatsopano: kusiyana kwa UK ndi Ireland

Chithunzi chojambulidwa tsiku lomwe omanga achoka sichionetsa chinyezi. Chuku m'makona, mpweya wozizira wolowera pazenera ndi bilu yotenthetsera nyumba zimadziwika anthu akakhalamo nyengo yachisanu yonse. Choncho tikaona mpikisano wa nyumba, timayamba tafunsa kuti oweruza amafika liti.

Ku UK, bungwe la akatswiri ojambula mapulani la RIBA limafuna kuti nyumba ikhale itagwiritsidwa ntchito chaka chathunthu isanalowe mumpikisano, ndipo oweruza amapita okha kukaiona. Ubwino woti oweruza azipita okha unaoneka pa Goldsmith Street mumzinda wa Norwich, nyumba za khonsolo pafupifupi 100 zomwe zinapata Stirling Prize, mphoto yaikulu ya RIBA, mu 2019. Mizere ya nyumbazo inatalikirana mamita 14 okha, koma madenga anapendeketsedwa madigiri 15 kuti dzuwa la m'nyengo yachisanu lifike m'mazenera a mzere wakumbuyo. Ngakhale kabowo koponyera makalata sanakaike pachitseko, anakaika pakhonde kunja kuti kasamalowetse mphepo. Zoterezi munthu amazimvetsa ataima pamalopo. Komabe ku England kulinso Housing Design Awards, yomwe imapereka mphoto ngakhale kwa mapulani osamangidwa. Ife timaikayikira mbali imeneyi, chifukwa ndalama zikachepa, mitengo ndi bwalo la ana zomwe zinali papulani ndizo zimayamba kudulidwa.

Ku Ireland, bungwe la akatswiri ojambula mapulani la RIAI lili ndi njira ziwiri zotsutsana. Mendulo yake yasiliva ya nyumba zokhalamo imaperekedwa patapita zaka nyumbazo zitamalizidwa, pomwe zaoneka ngati njerwa zathimbirira, ngalande zikuyenda, komanso ngati anthu akugwiritsadi ntchito malo a onse. Apa Ireland yaposa. Koma pamphoto za chaka ndi chaka pali ina yomwe anthu wamba amavotera pa intaneti. Imakopa anthu kuti azikamba za nyumba, ndipo zimenezo n'zofunika, kungoti wovota amaona zithunzi basi, ndiye nyumba yooneka bwino pakamera imakhala ndi mwayi kuposa yosavuta kutenthetsa.

Wofuna kulowa mpikisano mbali iliyonse ayambe kusunga mabilu ndi kuwerenga mamita a magetsi ndi gasi mwezi ndi mwezi kuchokera tsiku lomwe anthu alowa, apemphenso chilolezo cha eni nyumba msanga. Oweruza sangalowe m'chipinda chogona cha munthu amene sanavomere.