Pa masipuling'i a galimoto, a ku Tanzania atisiya kutali

Kuchokera pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, ndafunsa aliyense wogwira sipanala ngati ali ndi chopanira sipuling'i choti ndibwereke Loweruka limodzi lokha. Wina akuti chinapita ndi mnzake ku Lilongwe. Wina anachita kundiseka: "Bwana, zimenezo n'zapamwamba, ife timangomanga ndi waya." Waya! Sipuling'i yonyamula kutsogolo kwa Sienta, injini ndi zonse, munthu n'kuimanga ndi waya, nkhope yake ili pomwepo.

Amene mumapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto mukudziwa zomwe ndikunena. Ine ndinaziona pa Uyole, pafupi ndi Mbeya, pamene msewu umapatukira ku Tukuyu ndi ku Songwe. Probox imene ndinkabweretsa inali itathyoka sipuling'i yakutsogolo. Galimoto zina za ku Japan zimabwera zitadyeka kale ndi dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nyengo ya chisanu. Mnyamata wa pa galaja sanathamangire jeki. Anayamba watsegula boneti n'kuwerenga nambala ya mtundu wa galimoto pa kachitsulo kaja. Anapita, n'kubwera ndi masipuling'i awiri, osati imodzi. Anawaimika pansi moyandikana, kuona ngati ali ofanana msinkhu, kenako n'kutulutsa m'thumba la simenti chopanira chija: ndodo ziwiri zokhala ngati mabawuti aatali a zokowera. Galaja yake inali ya malata okhaokha, pansi pali fumbi ngati kwathu konkuno. Koma chida anali nacho, ndipo anzake oyandikana naye analinso nacho.

Kuno ukalowa m'sitolo ya masipeya n'kunena kuti ukufuna sipuling'i ya Sienta NCP81, wogulitsa amatenga iliyonse yomwe ili pafupi. "Imalowa iyi, bwana, za Toyota n'zimodzi." Kulowa imalowadi. Koma ya Vitz si ya Sienta, kulimba kwake n'kosiyana, ndipo ukaika yatsopano mbali imodzi yokha galimoto imayenda chopendekeka ngati munthu wolasidwa minga kuphazi. Yang'anani ma Sienta a pa siteji m'mawa, muwerenge nokha angati ali chilili.

Chondiwawa n'chakuti ntchitoyi munthu angathe kuigwira pakhomo. Kumbuyo kwa Sienta sipuling'i ili payokha, shoko ili payokha. Ukweza galimoto, uikhazika pa masitandi kapena pa zipika zolimba (njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza), uchirikiza ndi jeki chitsulo chopingasa cholumikiza matayala akumbuyo, umasula bawuti ya m'munsi mwa shoko mbali zonse ziwiri, n'kutsitsa pang'onopang'ono maso ali pa paipi ya mabuleki kuti isakokeke. Sipuling'i imatuluka ndi manja. Zakumbuyo ndinasintha ndekha pansi pa mtengo wa mango, mwana wanga akundipatsira masipanala.

Kutsogolo ndi nkhani ina. Kumeneko sipuling'i inavekedwa pa shoko ndipo inapanikizidwa. Chimene chaigwira ndi nati imodzi yapakati, pamwamba. Ukamasula nati imeneyo usanapane sipuling'i, mbale yapamwamba ija imauluka, ndipo sisankha kuti apa ndi dzino apa ndi diso. Ndiye pofunika chopanira: ndodo imodzi uku, ina uko, moyang'anizana, kumanga pang'ono uku pang'ono uko mpaka sipuling'i itayamba kugwedera pa mpando wake. Pobwezeretsa, nsonga ya sipuling'i ikhale ndendende pa kamphako kake, apo ayi mudzamva gu! gu! pokhota paliponse. Ukatha upite kukachita alayimenti, kuwongola matayala, chifukwa mabawuti awiri a m'munsi aja ukawamasula, tayala silibwerera pomwe linali. Zonsezi si zamatsenga. Chikusowa ndi chitsulo choti munthu akhoza kuchiika m'chikwama cha mwana wasukulu.

Pena ndivomereze. A ku Tanzania ali ndi doko. Makontena a masipeya amatsikira pakhomo pawo, pamene ife chilichonse chiyenera kuyenda makilomita mazanamazana, kulipira msonkho pa Songwe, komanso ndalama zakunja zimasowa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa akaitanitsa katundu amasankha zotuluka msanga: mabuleki, mafyuluta, mapulagi. Chida chogulidwa ndi munthu mmodzi pachaka angachisungirenji? Ndipo makaniko wa ku Tanzania akangomva Chiswahili chako chikutsimphina, mtengo umakwera pomwepo, osachita manyazi. Makaniko wa kwathu, ukam'peza wabwino, amakudzutsira galimoto yakufa usiku pa Kaphatenga ndi tochi ya foni, n'kukuuza kuti mudzalipira mukapeza. Zimenezo pa Uyole sindinazione.

Komabe nzeru zathuzi n'zimene zatipusitsa. Tazolowera kutamandana kuti "amene uja amakonza popanda zida," mpaka kusowa chida kwasanduka ulemu. Sipuling'i ikafooka timalowetsa zidutswa za tayala pakati pake. Ikathyoka timawotcherera, chonsecho chitsulo cha sipuling'i chikapsa ndi moto chimataya mphamvu, chimadzathyokanso pambali pa chowotchereracho. Kenako galimoto yopangidwira anthu 7 tiikamo ena owonjezera, matumba a mpunga wa ku Nkhotakota kumbuyo, dengu la usipa pamwamba, n'kulowa nayo m'maenje a M5 kulowera ku Benga. Ikakhala pansi timati galimoto za ku Japan n'zosalimba.

Za ku Zambia sindinena zambiri. Anzathu a ku Chipata timafanana nawo chilankhulo, nsima, ngakhalenso waya womangira sipuling'i, kungoti kwawo masipeya ochokera ku Lusaka savuta kwenikweni. Ku Mozambique, cha ku Tete, amakonda mapikapu a masipuling'i amapepala, ndipo ikafooka amangowonjezera pepala lina, galimoto n'kumadumpha ikakhala yopanda katundu. Maiko onsewa timayenda kumanzere, galimoto zathu n'zochokera kumodzi, ndiye palibe chonamizira kuti zida za uko sizingagwire kuno.

Chopaniracho ndatuma dalaivala wina wa mathanki amene amapita ku Dar es Salaam kuti andigulire. Kufikira chitabwera, Sienta yanga ikuyenda ndi masipuling'i atsopano kumbuyo, akale kutsogolo, mphuno ili pansi. Anzanga a pa siteji ayamba kale kundifunsa kuti chikafika ndizidzabwereketsa pa mtengo wanji patsiku, kuphatikizapo mkulu uja wa waya.