Kuwonjezera chakudya sikuthetsa ndewu

Mfundo ya anthu ena yoti nsomba zoweta m'thanki zikamalimbana tiziwonjezera chakudya, ine sindikugwirizana nayo. Ndinayesapo. Zotsalira zinawolera pansi, ammonia (poizoni wochokera ku zinthu zowola) inakwera m'madzi, nsomba zanga ziwiri n'kufa. Zinandiwawa kwambiri.

Vuto linali nsomba imodzi yolusa yomwe inkalondera pamalo pomwe ndinkathira chakudya. Masiku ano ndimamwaza mbali zonse ziwiri za thanki nthawi imodzi, chongokwanira kutha m'mphindi 2 kapena 3, ndipo nsomba zokhala pansi ndimaziponyera chakudya chomira nditazimitsa nyali. Ndinasunthanso miyala kuti yolusayo isokonezeke malire ake, zofooka zipeze pobisala.

Ma tiger barb (mtundu wa nsomba zazing'ono zamizeremizere) musawasunge atatu okha ayi, amaluma zipsepse za nsomba zina. Akhale 6 kapena kuposerapo, ukali wawo umathera pakati pawo pomwepo.